MAKINA OJAMBULA M'THUPI NDI FUNSO LAKUTI "KODI ACHIRA?"

Miseu itatu imachokera kummwera kwa boma la Lilongwe ndi kukathera pa chipata chimodzi. Wa ku Malingunde, kufupi ndi madamu a Kamuzu amene amamwetsa mzinda, amadzera njira ya ku Likuni. Wa ku Mitundu amabwera ndi mseu wa ku Bunda. Wa ku Nathenje amakwera galimoto pa mseu waukulu wochokera ku Dedza. Koma nthenda ikakanika pa zipatala zazing'ono za kwao, onsewo amakakomana pa Kamuzu Central Hospital, pamene anthu amangoti pa Central. Ndipo pamenepo, dotolo akatha kumpima wodwala, nanena kuti chotupacho ndi khansa, wodwazika amayamba wakhala chete, kenaka amafunsa funso limodzi lokha: "Kodi achira, a dokotala?"

Funsoli ndi lolemera, pakuti yankho lake ndilo limagamula zambiri pa mudzi: ngati mbuzi igulitsidwe kuti papezeke ndalama za ulendo, ngati mai asiye munda ndi ana ena kuti akagone pa chipatala, ngati mwana adzalembetsenso sukulu chaka chamawa. Dotolo naye amalifuna yankholo, koma pa chifukwa china. Mankhwala a khansa ndi aukali. Akachepa nthenda imabwerera, akachuluka amaononga thupi la munthu amene akadachira ndi ochepa. Tsono patapezeka njira yodziwiratu, chithandizo chikali pakati, kuti uyu mankhwala akumgwira ndipo uyo sakumgwira, dotolo angathe kuchepetsa kwa wina ndi kuonjezera kwa wina. Akatswiri a kutsidya kwa nyanja aonetsa kuti pa khansa ina, imene amaitcha lymphoma, chithunzi cha m'kati mwa thupi chimatha kuyankha funsoli. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma ayenera kuimva bwino nkhaniyi, chifukwa lymphoma si mlendo ku Malawi, ndiponso chifukwa nzeru yopezedwa kutali ikafika kuno imakomana ndi zina zimene eni ake sanakomane nazo.

NTHENDA YAKE

Aliyense amamdziwa mwanabere. Munthu akalasidwa ndi minga ku phazi, bala nkutukusira, m'mphechepeche mumatuluka kanthu kolimba kopweteka, ndipo bala likapola kanthuko kamaphwa. Anabere ali m'thupi lonse: m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, ndiponso m'kati mwa chifuwa ndi m'mimba mmene dzanja silifika. M'menemo ndimo mumakhala maselo oyera a magazi, amene ntchito yao ndi kulimbana ndi tizilombo. Koma nthawi zina ena mwa maselowo amasokonezeka nayamba kuswana osalekeza, ndipo pamenepo mwanabere amatupa osaphwanso, kawirikawiri osapweteka nkomwe. Imeneyo ndiyo lymphoma. Ili ndi mitundu yambiri, koma itatu yokha ndiyo ikhudza nkhani ino.

Mtundu woyamba ndi wa ana, ndipo unatenga dzina la Dr. Denis Burkitt, dotolo wa opaleshoni wochokera ku Ireland, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala m'dziko la Uganda. M'chaka cha 1957 iwo anaona mwana wotupa nsagwada zonse, zam'mwamba ndi zam'munsi, ndipo patangopita masabata ochepa anaonanso wina wotero, amene analinso ndi zotupa m'mimba. Anafufuza m'mabuku a chipatala, ndipo m'chaka cha 1958 analemba za ana 38. Bamboyu anali ndi diso limodzi lokha, pakuti linalo linaonongeka akali mnyamata. Komabe ndi diso limodzilo anaona chimene a maso awiri ankachipitirira. M'chaka cha 1961, pamodzi ndi Dr. Ted Williams ndi Dr. Cliff Nelson, anayenda mailosi 10,000 pa galimoto yakale kwa masabata 10, kufunsa m'zipatala zoposa 50, ndipo anadutsanso muno, dziko likali kutchedwa Nyasaland. Anapeza kuti nthendayi imachuluka m'malo otentha ndi a chinyontho, nichepa m'mapiri ozizira, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti mapu ake afanana ndi mapu a malungo. M'chaka cha 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'zotupa zochokera ku Uganda, kamene tsopano kamatchedwa Epstein-Barr. Malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachilomboko ndiwo amaitsegulira khomo nthendayi. Khansa ya Burkitt ndi yothamanga koposa: chotupa chimatha kukula kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Koma imasungunukanso msanga ikalandira mankhwala.

Mtundu wachiwiri umagwira makamaka akuluakulu, ndipo madotolo amautchula mwachidule kuti DLBCL. Unachuluka kwambiri m'dziko muno chifikire kachilombo ka HIV. Wachitatu ndi wa Hodgkin, umene unatenga dzina la Thomas Hodgkin wa ku London amene anaufotokoza m'chaka cha 1832. Umenewu umakonda ana osinkhuka ndi achinyamata.

CHIMENE DZANJA SILIFIKA

Umboni wakuti malo a chotupa amaneneratu za wodwala unapezeka pa Central pompa. Pakati pa 1991 ndi 1997, pamene ndalama zinali zosowa, ana ambiri odwala khansa ya Burkitt analandira mankhwala amodzi okha otchedwa cyclophosphamide. Patapita zaka, malemu Dr. Peter Kazembe ndi anzao anawalondola anawo ku midzi yao kuti adziwe chimene chinawachitikira, ndipo analengeza zopeza zao m'chaka cha 2003. Mwa ana 73 amene mbiri yao inapezeka, 40 anali moyo. Koma chachikulu chinali ichi: mwa amene chotupa chinali kumutu kokha, pafupifupi awiri mwa atatu alionse anapulumuka, mwa amene chinali m'mimba kapena malo ena, anapulumuka mmodzi yekha mwa atatu.

Tsono bvuto ndi lakuti tsaya lotupa aliyense amaliona, ngakhale mnansi wodutsa pa njira, koma chotupa cha pa impso, cha pa chiwindi kapena cha kuseri kwa matumbo chimabisala, ndipo dzanja la dotolo limachipeza chitakula kale. Apa ndi pamene makina ojambula anayambira ntchito yao. X-ray, imene Wilhelm Röntgen anaitulukira m'chaka cha 1895, imaonetsa anabere otupa pakati pa mapapo. Sikani, yomwe ija amai oyembekezera amaidziwa, imatumiza mau osamveka ndi khutu m'mimba, ndipo mauwo pobwerera amajambula ziwalo. Ilibe cheza choopsa, siifuna chipinda chapadera, ndipo ina ndi yaing'ono yonyamula pamanja. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, Professor Elizabeth Molyneux ndi Professor Peter Hesseling wa ku South Africa anagwiritsa ntchito sikani pofuna kudziwa pamene nthenda yafika mwa mwana asanampatse mankhwala. Ndipo pali makina a CT, amene anayamba kujambula odwala ku London m'chaka cha 1971. Amenewa amajambula thupi m'magawo opyapyala, monga mmene mai amadulira chinangwa chophika, kotero kuti palibe pobisala.

Ndi zithunzi zimenezi madotolo amaika nthenda m'masitepe anai: loyamba ngati ili pa malo amodzi, lachinai ngati yamwazikira m'ziwalo ndi m'mafuta a m'mafupa. Sitepe ikakwera mwai wochira umatsika. Kumeneku ndiko kuneneratu koyamba, ndipo kumachitika mankhwala asanayambe.

Komatu zithunzi zonsezi zili ndi chilema chimodzi: zimaona msinkhu wa chotupa, siziona ngati chili moyo. Mlimi aliyense wa ku Malingunde amadziwa kuti pali chulu chamoyo ndi chulu chakufa, ndipo poyang'ana chapatali ziwirizi sizisiyana. Kuti adziwe ayenera kukumba aone ngati chiswe chikalimo. Momwemonso wodwala amene wamaliza mankhwala: kawirikawiri, makamaka pa khansa ya Hodgkin, CT imaonetsa kuti m'chifuwa mwatsala chibulumwa. Mwina ndi chipsera chabe, mwina khansa ikali m'menemo. Kwa zaka zambiri madotolo analibe chochita koma kudikira, kapena kuonjezera chithandizo kwa onse, ochira kale ndi osachira omwe.

KHANSA YOKONDA SHUGA

Njira yoonera ngati chiswe chikalimo inachokera ku chinthu chimene katswiri wa ku Germany, Otto Warburg, anaona m'zaka za m'ma 1920: maselo a khansa amadya shuga wambiri kuposa maselo abwino. Pa nzeru imeneyi ndipo panamangidwa makina otchedwa PET. Wodwala amasala kudya kwa maola angapo. Kenaka amambaya jakisoni wa shuga wapadera, amene anamlumikiza ndi kanthu kotulutsa cheza kotchedwa fluorine-18, ndipo amagona phee kwa ola limodzi. Maselo osusuka amammeza shugayo, koma sangathe kumgaya mpaka kumapeto, motero amaunjikana m'kati mwao. Makina akamzungulira wodwalayo, pamene pali ponse shuga waunjikana pamaoneka pa chithunzi. Ubongo umaoneka mwachibadwa chifukwa chakudya chake ndi shuga, chikhodzodzo chimaonekanso chifukwa ndimo modzera zotsala. Koma mwanabere wa m'khosi akaoneka wowala, ndiye kuti muli kanthu kamene kakudya. Masiku ano PET ndi CT zimamangidwa m'makina amodzi, kuti wina aonetse malo, wina aonetse moyo.

Kuti madotolo a maiko osiyana aziwerenga zithunzizi mofanana, anasonkhana m'tauni ya Deauville ku France m'chaka cha 2009 nagwirizana za muyeso wa manambala asanu. Muyesowo ndi wochenjera chifukwa umayerekeza wodwala ndi thupi lake lomwe. Chotupa chikakhala chosawala konse amachipatsa 1. Chikawala mosaposa magazi a pakati pa chifuwa, 2. Chikaposa pamenepo koma osaposa chiwindi, 3. Chikaposa chiwindi pang'ono, 4. Chikaposa kwambiri, kapena pakatuluka zotupa zatsopano, 5. Kawirikawiri 1, 2 ndi 3 amatanthauza kuti mankhwala agwira. M'chaka cha 2014 muyesowu unalowa m'malamulo otchedwa a Lugano, amene zipatala zambiri za pa dziko lapansi zimatsata.

Chodabwitsa chenicheni chinaoneka pamene anayesa kujambula chithandizo chikali pakati. Mankhwala a Hodgkin, otchedwa ABVD, amaperekedwa m'zigawo, kawirikawiri 6, chigawo chilichonse cha masiku 28. Dr. Andrea Gallamini wa ku Italy, pamodzi ndi anzao a ku Denmark, anajambula odwala 260 atangomaliza zigawo ziwiri zokha, nawatsata osasintha mankhwala. Analengeza m'chaka cha 2007. Mwa amene chithunzi chao chinali chitazima, 95 pa 100 alionse anali bwino, nthenda isanabwerere, patapita zaka ziwiri. Mwa amene chinali chikali kuwala, anali bwino 13 okha pa 100 alionse. Ndiye kuti patangopita miyezi iwiri chiyambire mankhwala, tsitsi litangothothoka kumene, chithunzi chinali chitanena kale za zaka ziwiri zakutsogolo, ndipo chinanena molondola kuposa muyeso wakale wowerengera zaka za munthu, sitepe ya nthenda ndi zopima magazi.

Anatsatapo ndi madotolo a ku Britain motsogozedwa ndi Professor Peter Johnson, mogwirizana ndi a maiko ena, amene anafunsa kuti: ngati chithunzi chazima, kodi nkofunika kupitiriza mankhwala onse anai? Amodzi mwa anaiwo, otchedwa bleomycin, amaononga mapapo, ndipo ena amafa nao mankhwalawo khansa itatha. Analemba odwala oposa 1,200. Mwa amene chithunzi chao chinazima pambuyo pa zigawo ziwiri, theka anapitiriza monga kale, theka anawachotsera bleomycin. Zopeza zao zinatuluka m'chaka cha 2016: patapita zaka zitatu, 86 pa 100 alionse a gulu loyamba ndi 84 pa 100 alionse a gulu lachiwiri anali bwino, kusiyana kochepa ndithu, koma a gulu lachiwiri mapapo ao anabvulala pang'ono. Amene chithunzi chao chinali chikali kuwala anawasinthira ku mankhwala aukali koposa, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali bwino patapita zaka zitatu.

Pa khansa ya akuluakulu ija, DLBCL, zinthu sizinayende chomwecho, ndipo ichi chiyenera kunenedwa poyera, pakuti ogulitsa makina sakonda kuchitchula. Ku Germany anachita kafukufuku wamkulu amene analengeza m'chaka cha 2018. Chithunzi cha pakati chinaneneratu bwino lomwe za amene adzabvutike; koma atawaonjezera mankhwala aukali anthuwo, sanapulumuke ambiri kuposa anzao, anangodwalika nao mankhwalawo. Chithunzi chinawaloza odwalawo, koma mankhwala owapulumutsa panalibe.

CHENJEZO LA KUNO

Palinso china chimene chimakhudza dziko lino kuposa maiko aja. Si khansa yokha imene imakonda shuga. Paliponse pamene thupi likumenyana ndi tizilombo, maselo ake amadya shuga wambiri, ndipo pamawala pa PET mofanana ndi khansa. Chifuwa chachikulu chimawala. Anabere a munthu amene HIV yake siinagonje ku mankhwala amawalanso. Madotolo a ku South Africa, kumene makinawa alipo ndipo nthenda ziwirizi nazo nzochuluka, akhala akulemba za bvuto limeneli. Chotero chithunzi chimene ku Italy chingawerengedwe mosakayika, ku Lilongwe chingamnamizire munthu wochira kuti akali kudwala, iye nkulandira mankhwala aukali pachabe.

Kusokonezeka kumeneku kumayamba kale, PET isanatchulidwe nkomwe. Zizindikiro za lymphoma ndi za chifuwa chachikulu ndi zapachibale: anabere otupa m'khosi, kutentha thupi, thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, kuonda. Ngakhale pa sikani, anabere otupa m'mimba ndi timadontho ta pa kapamba zimaoneka m'nthenda zonse ziwiri. Popeza chifuwa chachikulu ndicho chofala, wopima amayamba waganiza za icho, ndipo salakwa potero. Koma madotolo a khansa a ku Lilongwe ndi ku Blantyre alemba za odwala amene anamwa mankhwala a chifuwa kwa miyezi, pamene nthenda yao inali lymphoma. Chimene chimathetsa mlandu ndi kudula kachidutswa ka mwanabere ndi kukaika pa galasi la makina oonera tinthu tating'ono. Nchifukwa chake kutsegulidwa kwa nyumba yopimira zotupa pa Central m'chaka cha 2011, mogwirizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi University of North Carolina ya ku America, kunali chinthu chachikulu, ngakhale kuti sikunamveke ngati mmene kumamvekera kufika kwa makina aakulu. Akatswiri a pa nyumbayo amatumiza zithunzi za magalasiwo pa intaneti kwa anzao a ku America, nakambirana nao za wodwala mmodzimmodzi.

ZIMENE ANAPEZA PA CENTRAL

Nyumba yopimirayo itakhazikika, m'chaka cha 2013 panayambika kafukufuku wotchedwa Kamuzu Central Hospital Lymphoma Study, motsogozedwa ndi Dr. Satish Gopal. Pa nthawiyo munalibe makina a PET m'dziko muno. Wodwala ankapimidwa ndi manja, kujambulidwa X-ray ya pa chifuwa ndi sikani ya m'mimba, ndi kutengedwa mafuta a m'mafupa. Pakati pa 2013 ndi 2017 analemba akuluakulu 86 odwala DLBCL, ndipo 51 mwa iwo anali ndi HIV. Ankalandira mankhwala otchedwa CHOP, ndipo a HIV ankalandiranso ma ARV. Patapita zaka ziwiri, 38 pa 100 alionse anali moyo. Chiwerengerochi nchochepa poyerekeza ndi cha maiko olemera, koma munali uthenga wolimbitsa mtima: amene anali ndi HIV sanafe ambiri kuposa amene analibe. Pambuyo pake anayesa kuonjezera mankhwala ena otchedwa rituximab kwa odwala 37, ndipo zopeza za m'chaka cha 2021 zinaonetsa kuti oposa theka anali moyo patapita zaka ziwiri.

Nanga popanda PET, chinaneneratu za odwala 86 aja nchiani? Dr. Matthew Painschab ndi anzao anapeza zinthu ziwiri. Choyamba ndi chinthu china cha m'magazi chotchedwa LDH, chimene chimachuluka pamene maselo ambiri akuswana ndi kufa. Chikapitirira kawiri muyeso wake, zinthu sizili bwino. Chachiwiri sichifuna makina alionse: kodi wodwalayo akali kutha kugwira ntchito yopepuka, kapena wafooka kotero kuti sangathenso? Ziwirizi zokha zinaneneratu bwino mofanana ndi muyeso wa maiko onse umene umafuna kudziwanso sitepe ya nthenda. Mwa ana a Burkitt pa chipatala chomwecho zinaonekanso chimodzimodzi: mwa ana 73 amene mbiri yao inalengezedwa m'chaka cha 2016, LDH yokwera ndi kufooka kwa thupi zinali pakati pa zizindikiro za imfa.

Wina angaganize kuti pamenepa zithunzi zachepa mphamvu, koma sizili tero. Akatswiri a PET masiku ano amagwiritsa ntchito kompyuta kuphatikiza zotupa zonse zowala m'thupi kuti apeze kuchuluka kwake, ndipo apeza kuti mulu ukakula mwai wochira umachepa. LDH yokwera imaloza ku mulu womwewo. Thupi lofooka limalozanso komweko. Mboni zitatuzi zikuchitira umboni chinthu chimodzi, ndicho kuchuluka kwa nthenda pa tsiku limene munthu wafika pa chipatala. Ndipo kuchulukako, pa khansa zothamanga ngati izi, kumakula ndi masabata amene apita chiyambire kutupa. Mbali yaikulu ya zimene chithunzi choyamba chimaonetsa pa Central inachitika kale ku mudzi, pa masiku amene banja linali kuyembekeza kuti chiphwa chokha, kapena kuzula dzino logwedera poganiza kuti ndilo latupitsa tsaya, kapena kusonkhanitsa ndalama za galimoto.

Apa ndi pamene nkhani ya makina ikufika pa tebulo la mphunzitsi. Iye amaona nkhope za ana tsiku ndi tsiku, ndipo kaundula wake amasonyeza amene wayamba kujomba. Mwana amene tsaya lake latupa mofulumira m'masiku owerengeka, mano nkuyamba kugwedera, kapena diso kutong'oka, kapena mimba kukula molimba, ayenera kupita ku chipatala sabata lomwelo. Ndipo miyendo ikafooka mwadzidzidzi, tsiku lomwelo. Kwa wamkulu, mwanabere amene wakhala mwezi wathunthu osaphwa, kapena amene akukulirakulira mwini wake ali kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu mokhulupirika, afunika kudulidwa kachidutswa. Mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa zaulimi, kalaliki wa kwa mfumu, onsewa mau ao amamveka pa mudzi, ndipo ndiwo angathe kufupikitsa masabata aja.

MPHINDI 110

Nanga kuti PET igwire ntchito mu Lilongwe pafunika chiani? Makina ojambulawo ndi theka chabe la nkhani. Fluorine-18 sasungika: mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 110 zilizonse. Wopangidwa 6 koloko mmawa, pofika 8 koloko watsala pafupifupi theka. Isanakwane 10 koloko watsala gawo limodzi la magawo anai. Pofika hafu pasiti 11, limodzi la magawo 8. Sangaikidwe m'nkhokwe ya mankhwala monga panado. Ayenera kupangidwa tsiku lomwelo m'makina ena otchedwa cyclotron, amene amafuna chipinda cha makoma ochindikala, magetsi osazima ndi akatswiri ake, kapena kubwera pa ndege yosachedwa. Ku Kenya chipatala cha Aga Khan mu Nairobi chinayamba kujambula PET m'chaka cha 2018, ndipo chipatala cha Boma cha Kenyatta University chinatsegula malo ake ojambulira PET m'chaka cha 2021. Onsewo anamanga cyclotron yaoyao.

Boma la Malawi layenda mtunda pa nkhani ya khansa. M'chaka cha 2022 dziko lino linali m'gulu la maiko 7 oyamba kulowa m'ntchito ya Rays of Hope ya bungwe la IAEA, ndipo m'chaka cha 2025 National Cancer Centre pa Central inatsegulidwa ndi makina ootcha khansa ndi cheza, chithandizo chimene kwa zaka zambiri odwala ankachitsata kunja. Tsiku la PET lidzafika, ndipo achinyamata odwala Hodgkin ndiwo adzapindule poyamba, pakuti kwa iwo chithunzi cha pakati chimasinthadi mankhwala. Koma wokonza ndondomeko ya chuma ayenera kuwerenga mwa dongosolo. Mtengo wa cyclotron imodzi ungagule masikani ambiri a zipatala za m'maboma ndi kuphunzitsa owagwiritsa ntchito, pakuti sikani ili monga khasu, imalima molingana ndi dzanja loigwira. LDH imafuna mankhwala opimira amene sayenera kutha m'nkhokwe. Kachidutswa ka mwanabere kochokera ku chipatala chakutali kayenera kufika pa Central ndi yankho lake kubwerera m'masiku, osati m'miyezi. Ndipo PET ikadzabwera, padzafunika kafukufuku wa kuno, pa odwala a kuno, kuti adziwe kuwerenga chithunzi chowala m'dziko la chifuwa chachikulu.

Chotsala ndi ulendo. Mankhwala a CHOP amaperekedwa maulendo 6, kamodzi pa masiku 21 alionse. Bambo wa ku Malingunde amene walandira dripi yoyamba pa 1 December adzalandira yomaliza pakati pa mwezi wa March. Chithunzi cha pakati, kaya cha sikani kaya cha PET, chidzagwa mu January, pamene udzu wakula m'chimanga, fodya akufuna anthu, nkhokwe yapepuka ndipo miseu ya dothi yaterera. Ulendo uliwonse ndi wa anthu awiri, wodwala ndi wodwazika, kupita ndi kubwerera. Madotolo a ana m'dziko muno alemba kawirikawiri za mabanja amene analeka chithandizo pakati, ena chifukwa cha ndalama za ulendo, ena chifukwa chotupa chinaphwa pa dripi yachiwiri iwo nkuyesa kuti nthenda yatha. Mu kafukufuku wa pa Central uja, mwa akuluakulu 86, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasowa osadziwika kumene anathera.